Mafunso Anu: Kukamba za Kusintha kwa Nyengo Kuti Anthu Asangowomba M'manja

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu amene amaima kutsogolo kwa anzawo: alimi achitsanzo, aphunzitsi, akuluampingo, a m'makomiti a m'midzi ndi a pawailesi. Dandaulo lawo likufanana. Nkhani ya kusintha kwa nyengo anthu amaimva ndipo amavomereza, koma akabalalika zinthu zimakhala monga mwa kale. Oyankha ndi gulu lathu la alangizi a zaulimi, zankhalango ndi zanyengo.

Funso: Ndine mlimi wachitsanzo. Ndakhala ndikuitanitsa misonkhano kufotokozera anthu kuti dziko likutentha ndipo tisinthe kalimidwe. Amawomba m'manja, koma m'minda mwawo palibe chasintha. Ndikulakwitsa pati? (Mlimi wachitsanzo, Balaka)

Yankho: Bambo, inu mukuyambira pa dziko lonse pomwe anthuwo abwera ndi nkhawa ya munda wawo. Munthu amene chimanga chake chinafota ngayaye zisanatuluke safunika kuuzidwa kuti nyengo yasintha. Anaona yekha, ana ake anagona ndi njala. Chimene akufuna kumva n'chakuti chaka chino achite chiyani, ayambe liti, zimudyera ndalama zingati ndi masiku angati a khasu.

Msonkhano wotsatira muuyambe ndi mafunso. Lembani mzere pansi ndi kamtengo, muugawe miyezi kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Pemphani agogo awiri kapena atatu aike mwala pamwezi umene ankabzala ali achinyamata, ndi mwala wina pamene akubzala masiku ano. Kenaka afunseni kuti ng'amba imagwa pati ndipo imatenga masiku angati. Amayi muwafunse paokha za mwezi umene chitsime chimaphwa, chifukwa pagulu la abambo ambiri sayankhula. Mukatha apo, nkhani ya kusintha kwa nyengo yatuluka m'kamwa mwa eni mudzi, ndipo palibe angaitsutse kuti ndi ya mabungwe.

Mukatero sankhani chinthu chimodzi chokha. Alangizi ambiri amafuna kutsanula zonse tsiku limodzi: manyowa, kuphimbira nthaka ndi mapesi, mbewu zocha msanga, mitengo, ulimi wamthirira. Munthu akamva zinthu khumi sachita n'chimodzi chomwe. Kwanu ku Balaka vuto lalikulu ndi ng'amba, ndiye mungayambe ndi kutseka mizere. Mufotokoze mpaka munthu athe kukachita yekha: pakati pa mizere iwiri aunde kamtumbira kopingasa pa mamita awiri kapena atatu alionse, ndipo kakhale kofupikirapo kuposa mzerewo, kuti mvula ikachuluka madzi adumphe kamtumbirako m'malo mogumula mzere. Muwauzenso poyera pamene njirayi siyenda. M'dambo ndi m'dothi la makande madzi amadikha, chimanga n'kuchita chikasu, ndiye mvula ikanyanya timitumbirato titsegulidwe. Ndipo ngati mizere sinatsate akalozera, mizere ikuluikulu yoyezedwa yopingasa malo otsetsereka, madzi onse amathamangira pamalo amodzi, amaphulitsa mzere, chigwembe n'kuyambika. Mukabisa zimenezi, woyamba kuona zovuta adzauza mudzi wonse kuti munawanamiza.

Munda wachitsanzo ukhale m'mbali mwa njira yopita kumjigo kapena kuchigayo. Mizere khumi yotseka, mizere khumi yosatseka, mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana. Osawonjezera kanthu mbali imene mukuikonda, chifukwa anthu amaona, ndipo amangoti zatheka poti munalandira zipangizo. Ng'amba ikatha sabata, itanani anthu pomwepo, aliyense akumbe ndi dzanja lake mbali zonse ziwiri, amve pamene dothi likadali lonyowa ndi pamene lasanduka fumbi. Pokolola muyeze ndi ndowa anthu akuona.

Nthawi yokambira nkhaniyi ndi Ogasiti mpaka Okutobala, anthu akusosa ndi kugalauza. Mukaikamba mu Januwale mwachedwa. Ndipo msonkhano usathe popanda mayina: ndani ayesa, pa mizere ingati, tibwera tsiku liti kudzaona. Anthu asanu otchula tsiku ndi phindu lalikulu kuposa makumi asanu owomba m'manja. Mukakhala ndi mwayi, pemphani mphindi 15 pa banki m'khonde kapena pakalabu ya alimi imene imakumana kale sabata ndi sabata. Msonkhano woitanitsa mwapadera anthu ena amabwerera alawansi, akapanda kuilandira uthenga nawonso amausiya pomwepo.

Mukadzafika pa kuphimbira, muyambe mwakhala pansi ndi amfumu. Mapesi amatha ndi moto wa osaka mbewa ndiponso ndi mbuzi ndi ng'ombe zotayirira anthu akakolola. Popanda lamulo la mudzi pa zimenezi, wophimbira amangogwirira ntchito pachabe.

Funso: Ndimaphunzitsa sitandade 7. Ana amandifunsa ngati kudula mitengo kwathu kuno ndiko kwasintha nyengo. Ndiziwayankha bwanji mosawasokoneza? (Mphunzitsi, Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, pali zinthu ziwiri zimene nthawi zambiri zimaphatikizidwa, ndipo ana akuyenera kuzimva padera.

Choyamba ndi kutentha kwa dziko lonse. Malasha, petulo, dizilo ndi gasi zikamayaka zimatulutsa mpweya wa kaboni, ndipo nkhalango zikapsa zimawonjezera. Mpweyawu umalola dzuwa kulowa koma umatchinga kutentha kuti kusabwerere kumwamba, monga zimachitikira m'minibasi yotseka mawindo itaima padzuwa padepoti. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi. Zikumveka zochepa, koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyezi chochuluka ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse. N'chifukwa chake mvula ikati igwe imakhuthuka yambiri nthawi yochepa, pomwe pakati pake dothi limauma msanga. Mpweya wambiri wachokera kumayiko a mafakitale. Africa yonse imatulutsa wosafika magawo 4 pa 100, ndipo Malawi safika ngakhale gawo limodzi pa 1,000.

Chachiwiri ndi chimene mvulayo imapeza ikafika pansi. Apa ndi pamene mitengo yathu ikukhudzidwa. Phiri lometedwa silimwa madzi. Madzi amatsika ndi liwiro, amakokolola dothi, amadzaza mitsinje ndi mchenga, ndipo mwezi wa Seputembala zitsime zimaphwa chifukwa pansi sipanalowe kanthu.

Chonde musawalonjeze ana kuti akabzala mitengo mvula ibwerera mwakale. Adzabzala, chilala chidzabwerabe, ndipo sadzakhulupiriranso. Muwauze zimene mtengo umachitadi: umagwira dothi, umalowetsa madzi pansi, umatchinga mphepo yosasula madenga, umapatsa nkhuni pafupi. Kuti aone okha, tengani mabotolo awiri odula, lina muike dothi lopanda kanthu, lina dothi lokhala ndi udzu ndi mizu yake. Muwapendeketse mofanana, mutsire kapu imodzi ya madzi pa lililonse, ana ayerekeze mtundu ndi kuchuluka kwa madzi otuluka.

Ana okulirapo muwauzenso kuti mu 2022 mayiko atakumana ku Sharm el-Sheikh ku Egypt anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza mayiko osauka pa zimene awonongekeredwa ndi nyengo. Mwana wa ku Malawi asakule akudziona ngati wolakwa pa vuto limene sanaliyambitse, ndipo adziwe kuti dziko lake lili ndi chifukwa chofunsira thandizolo.

Funso: Ndili mukomiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tikachenjeza anthu kuti asamuke, ena amati tinawachenjezanso kale koma sikunachitike kanthu, ena amati za Napolo sizithawika. Kodi tiziwaonetsa zithunzi za mitembo ya nthawi ya namondwe wa Freddy kuti achite mantha? (Membala wa komiti, Phalombe)

Yankho: Ayi, mayi, zithunzizo musazionetse. M'gulu limene mukuyankhula nalo muli anthu amene anataya ana ndi makolo mu Malichi 2023, ena mitembo ya abale awo sinapezeke mpaka lero, ndipo akuluakulu akukumbukirabe madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Michesi mu 1991. Mantha ali nawo kale. Mantha opanda kolowera amangofooketsa munthu, mpaka kunena kuti chobwera chibwere.

Munthu wokana kusamuka kawirikawiri amakhala ndi chifukwa chomveka, ndipo ntchito ya komiti ndi kuchifunsa nyengo ya mvula isanafike. Wina akuopa kuti akachoka akuba atenga matumba a chimanga ndi mbuzi. Wina ali ndi mayi wokalamba amene sangayende usiku. Amayi ndi atsikana akuopa kugona m'kalasi imodzi ndi amuna achilendo, kopanda chimbudzi chokwanira. Wina akuopa kuti malo ake alandidwa. Chilichonse mwa izi chili ndi yankho lake, ndipo yankholo ndilo uthenga wanu weniweni: anyamata awa ndiwo alonda mudzi, ziweto tikazisunga pamtunda pakutipakuti, agogo akuti adzanyamulidwa ndi uje ndi uje panjinga, kusukulu kalasi iyi ndi ya amayi ndi ana. Mulembe mayina a okalamba, olumala, amayi oyembekezera ndi odwala, aliyense ndi munthu womuthandiza.

Chenjezo lenilenilo likhale lalifupi ndipo linene zinthu izi: chikubwera n'chiyani, chikhudza midzi iti, chifika liti, anthu apite kuti ndipo adzere njira iti. Kungoti "a m'malo otsika samalani" sikuthandiza, aliyense amaganiza kuti otsika ndi anzake. Tchulani mudzi, mtsinje ndi sukulu. Ngati uthenga ukuti kugwa mvula ya mamilimita 100 tsiku limodzi, muumasulire m'zinthu zooneka: milimita imodzi ndi lita imodzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ndiye mamilimita 100 ndi ndowa zisanu za malita 20 pakamalo kameneko, phiri lonse, munda wonse.

Mugwirizane chizindikiro chimodzi chimene aliyense akuchidziwa, kaya wenzulo, ng'oma, belu la tchalitchi kapena chimkuzamawu cha kumzikiti, chifukwa pa namondwe magetsi amazima ndipo netiweki imadula. Kumene kuli mitengo yoyezera madzi mumtsinje yopakidwa utoto, anthu adziwe kuti wobiriwira ndi bata, wachikasu ndi kulongedza, wofiira ndi kunyamuka osadikira mmawa. Oyang'ana mtsinje kumtunda akhale ndi manambala a anzawo akumunsi. Mu Okutobala kapena Novembala muyeserere ulendo wonse masana, muone kuti agogo atenga nthawi yaitali bwanji ndiponso kuti njirayo siidutsa pamtsinje umene umadzaza msanga.

Za Napolo musalimbane nazo. Amene akuti ndi Napolo ndi amene akuti ndi dothi lakhuta madzi akugwirizana pa chinthu chimodzi, kuti chikamatsika munthu asapezeke panjira yake. Akuluakulu akudziwa makwawa amene chinadzera kale, ndiye muwapemphe awaloze, muwalembe pamapu a mudzi. Kenaka muphunzitse zizindikiro: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo zopendekeka, akasupe otumphuka pamene panalibe, mkokomo kuphiri, madzi a mumtsinje kusanduka matope, kapena kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Chomalizachi n'choopsa kwambiri, chimasonyeza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kukhoza kuphulika nthawi iliyonse.

Chenjezo likapanda kukwaniritsidwa, musakhale chete. Mubwerere kwa anthu sabata yomweyo, muwathokoze, muwafotokozere kumene namondweyo anakhotera. Komiti imene imangosowa ikatha kuchenjeza ndi imene anthu amasiya kuimvera.

Funso: Ndimawulutsa pulogalamu ya alimi pawailesi ya m'dera. A zanyengo akalengeza ulosi wa mvula ya chaka, ndimawerenga momwe walembedwera, koma zikapanda kuchitika anthu amati ndife abodza. (Muulutsi, Mangochi)

Yankho: Achimwene, ulosi wa nyengo yonse umene nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imatulutsa mvula isanayambe umanena za mwayi. Siunena kuti zichitika ndithu. Vuto limayamba mukawerenga kuti "mvula ikhala yochepa" n'kusiyira pomwepo.

Gwiritsani ntchito njere khumi za chimanga, ndipo pemphani a m'makalabu omvera wailesi achite nanu limodzi. Tiyerekeze kuti ulosi wapereka magawo 40 ku mvula yochepa, 40 ku yapakatikati, 20 ku yochuluka. Njere zinayi uku, zinayi pakati, ziwiri uko. Munene kuti pa zaka khumi zofanana ndi chino, zinayi zimakhala zouma, zinayi zabwinobwino, ziwiri zamvula yambiri, ndipo palibe akudziwa njere imene titole. Kenaka funso lipite kwa mlimi: mugawa bwanji munda kuti njere iliyonse ikatuluka pakhomo pasasowe chakudya? Apa ndi pamene mumatchula zochita, monga gawo lina chimanga chocha m'masiku 90 mpaka 110, gawo lina mapira, mawere, nandolo, mbatata kapena chinangwa, ndiponso osabzala mbewu yonse ndi mvula yoyamba. Chizimalupsa chapusitsa ambiri. Mlimi adikire mvula yokwana mamilimita 25 kapena kuposerapo m'masiku awiri kapena atatu, kapena akumbe aone ngati chinyezi chalowa kupitirira chikhatho.

Muwerenge ulosi wa boma lanu, osati wa dziko lonse. Chaka cha El Niño, pamene madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific atentha kuposa nthawi zonse, chigawo chakumwera chimakonda kuuma pomwe kumpoto mvula ikhoza kukhala yokwanira kapena yochuluka. Tinaziona mu 2015/16, ndiponso mu 2023/24 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Uthenga umodzi wa Karonga ndi Mangochi ungasokeretse onse awiri.

Ulosi wa chaka musauwerenge kamodzi n'kuuiwala. Sabata iliyonse muutsatize ndi ulosi wa masiku ochepa, umene umalondola kwambiri. Kwa asodzi, chenjezo la mwera lipite madzulo asanalowe panyanja. Omvera akaimba kunena za nyerere, maluwa a mango kapena kumene mphepo ikuchokera, musawaseke. Muzilembe, muziike pambali pa ulosi wa boma, ndipo kumapeto kwa nyengo mukambirane pawailesi zimene zinalondola. Muzipatsanso mpata alimi eniake. Mawu a mayi wa mudzi woyandikana akufotokoza za mbatata yake amakoka anthu kuposa katswiri wochokera ku Lilongwe.

Funso: Uthenga wa namondwe umazungulira kwambiri pa WhatsApp, wina wabodza. Titani? (Wachinyamata, Zomba)

Yankho: Uthenga wopanda tsiku ndi dzina la nthambi imene yautulutsa musautumize. Muyambe mwauyang'ana patsamba la a zanyengo kapena la DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kapena mumvere wailesi. Mukautsimikiza, jambulani mawu osapitirira mphindi imodzi m'chiyankhulo cha kwanuko, muyambe ndi tsiku la lero, kuti ukadzazunguliranso chaka chamawa anthu adzadziwe kuti ndi wakale.

Funso: Mumpingo mwathu ambiri amati awa ndi masiku otsiriza, palibe chimene munthu angachite. Ndiyambire pati? (Mkulu wa mpingo, Ntcheu)

Yankho: Akulu, musayambe ndi kutsutsa chikhulupiriro chawo. Anthu omwewo amapita kuchipatala akadwala ndipo amafolera nyumba mvula isanagwe, ndiye kupemphera ndi kukonzeka amakudziwa kale. Nkhani ya Yosefe amene anasunga tirigu zaka za zokolola zambiri akuidziwa kuyambira ku Sande sukulu.

Mphamvu ya mpingo ndi yakuti anthu amakumana sabata iliyonse popanda kuwaitana, ndipo amakhulupirirana. Pa zolengeza muikepo mphindi ziwiri za ulosi wa sabatayo. Amayi a Chigwirizano kapena a Mvano akamaphika pamsonkhano kapena pamaliro, aphikire mbali ina pamafuwa, mbali ina pa chitetezo mbaula, mbaula yadothi yosatha nkhuni zambiri, nkhuni zitagawidwa milu yofanana, anthu aone okha mulu wotsala. Ngati mpingo uli ndi malo, ugawe mitengo ku milaga, mlaga uliwonse ndi mzere wake, ndipo abusa kapena ansembe awoneke atagwira khasu. Mukhozanso kuyambitsa nkhokwe ya mpingo, banja lililonse ndowa imodzi pokolola, yodzathandizira amasiye ndi okalamba mu Januwale ndi Febuluwale. Pakhale anthu atatu osunga makiyi ndi kaundula wowerengedwa poyera, chifukwa nkhokwe zotere zimagwa ndi kukayikirana zisanagwe ndi anankafumbwe.

Funso: Gulu lathu la amayi limafuna kulimbikitsa anthu kusiya makala ndi kubzala mitengo, koma amatiyankha kuti magetsi amazimazima, gasi ndi wodula, tiphikire chiyani? Mitengo imene tinabzala chaka chatha yambiri inauma. (Mlembi wa gulu, Ndirande)

Yankho: Mayi, anthuwo akunena zoona, ndipo muyambe ndi kuvomereza zimenezo. Mayi wogula kajumbo ka makala madzulo alionse sakuchita zimenezo chifukwa chodana ndi nkhalango. Mukamuchititsa manyazi, adzakupewani. Mumuyankhule za ndalama zake. Mumupemphe alembe kwa sabata imodzi zimene akuwononga pa makala, kenaka ayese kusintha zinthu zingapo, alembenso sabata yachiwiri. Nyemba azinyike m'madzi usiku wonse. Poto akhale wovindikira nthawi zonse. Ndiwo azikonzeretu moto usanayake. Nyemba zonyikazo akaziwiritsa kwambiri kwa mphindi 30, aike poto wovindikirayo m'dengu loyalidwa nsalu zakale, thonje kapena udzu wouma, aphimbe bwino pamwamba, zidzapsa zokha m'maola atatu kapena anayi. Akamatsegulatsegula kutentha kumathawa, n'chifukwa chake ena amati dengulo siligwira ntchito. Kwa ophikira nkhuni, chitetezo mbaula imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni poyerekeza ndi mafuwa, ndipo imayaka ndi zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo. Imafuna nkhuni zouma, zowazidwa zing'onozing'ono, ndipo poti ndi yadothi, siifuna kusiyidwa pamvula kapena kuzimitsidwa ndi madzi ili yotentha.

Za mitengo yanuyo, zifukwa zimakhala zomwezomwezo pafupifupi paliponse. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande yobzalidwa mu Malichi siipeza mvula yokwanira kuti mizu ilowe pansi. Bzalani mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. Dzenje likhale masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya kwa mitengo wamba, ndipo 60 kapena kuposerapo kwa ya zipatso, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola libwerere pansi. Chubu chapulasitiki chichotsedwe, ambiri amakwirira nacho. Siyani kabeseni kozungulira mtengo, mutchingire mbuzi, mupalire, ndipo mu Meyi kapena Juni mulambule njira yotchinga moto.

Chachikulu n'chakuti mtengo wa gulu lonse ulibe mwini. Gawani mbande zochepa, zisanu pa banja, za mtundu umene banjalo lasankha lokha. M'tauni ambiri amasankha mango, mapeyala, magwafa kapena papaya, ndipo zimenezo amazithirira ndi madzi otsukira mbale. Kumene kuli zitsa zamoyo, monga m'mbali mwa phiri, kusamalira ziphukira n'kosavuta kuposa kubzala: pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo muzisadze, chifukwa mizu ilipo kale ndipo siifuna kuthirira. Polengeza zotsatira musatchule mitengo imene munabzala. Muwerenge imene ili moyo mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake, khomo ndi khomo, ndipo banja limene lasunga inayi mwa isanu ndilo liyambe kulandira mbande za chaka chotsatira.